Nyumba Yopanda Zenera

Nyumba ya Deolinda inalibe zenera ngakhale limodzi. Mwa nyumba zonse za othawa nkhondo zimene ndinkayendera kwa Nthache chaka cha 1989, iyi ndiyo inkandipsetsa mtima kwambiri. Ena ankasiyako kabowo kolowa mkono, koma iye anamata paliponse, mpaka m'mbali mwa chitseko anatsekamo ndi nsanza. Ukalowamo dzuwa lili paliwombo umachita kupapasa.

Ine ndinali mlangizi wa zaumoyo, nditangochoka kumaphunziro, ndipo ndinkadzimva udokotala. Kumaphunziroko anatisonyeza nyale ina yowala mwa buluu imene amayatsa m'chipinda choyezera makhololo, kuti iphe tizilombo ta chifuwa chachikulu totsalira mumpweya. Anati cheza chomwecho chilinso m'dzuwa, ngakhale maso sachiona. Kumudzi kulibe magetsi, choncho nyale yathu inali dzuwa: boolani mazenera, yanikani zofunda. Ndinalalikira zimenezi mpaka ana anandipatsa dzina lakuti Mayi Dzuwa.

Mwamuna wa Deolinda, Cristovao, anamwalira ndi chifuwacho mu Juni, m'nyumba yomweyo. Anatsala awiri, iye ndi mwana wake Vania, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene kankandithamangira kakamva belu la njinga yanga. Mwana ameneyu ndiye ndinkamudera nkhawa.

"Amake Vania, boolani khomali," ndinamuuza. "Matenda a malemu akadali m'nyumbamu."

"Janela ayi, adokotala," anayankha akuyang'ana pansi, kutchula zenera m'chinenero cha kwawo. "Tili bwino chonchi."

"Nanga bulangete ankafunda malemu lija mwaliyanika?"

"Likufunda mwana. Chinthu choyanika panja chimaitana anthu."

Yankho limenelo ndinaliyesa matama. Tsiku lina pamjigo ndinamunena pamaso pa amayi anzake kuti ngakhale buluzi amadziwa kuothera dzuwa. Amayiwo anaseka. Ine ndinakondwa kuti ndalankhula bwino.

Kenako ndinachita chimene chimandiwawa mpaka lero. Deolinda atapita kukalandira ufa ndi nandolo, ndinaitana a Zakeyu, mmisiri womanga nyumba, ndipo anaboola zenera labwino la kum'mawa. Deolinda atabwera n'kuliona, thumba la ufa linagwa pansi. Sanatukwane. Anangokoka Vania n'kumubisa kumbuyo kwake. Mawa lake ndinapeza atamatapo dothi lochindikala kuposa loyamba.

Kuchokera pamenepo akamva belu langa ankatseka chitseko, ndipo Vania anasiya kundithamangira. Nanenso ndinanyanyala. Ndinati wakana yekha, ndili ndi nyumba zina mazana awiri. Miyezi iwiri yathunthu ndinkadutsa pakhomopo ngati palibe munthu.

Mu Okutobala a Esime, oyandikana nyumba ndi Deolinda, anandiimitsa panjira. "Alangizi, mwana uja akutsokomola kuyambira mwezi wa Ogasiti. Amake akumubisa, akuti mukadziwa mudzagumulanso khoma."

Ndinapeza Vania atangotsala mafupa okhaokha, atakulungidwa m'bulangete la bambo ake. Tinathamangira naye kuchipatala kuboma. Anayamba jakisoni, koma tinali titachedwa. Anatisiya pa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Tikudikira galimoto yonyamula maliro, Deolinda anayamba kulankhula ndisanamufunse. Anati kwawo, kutsidya kwa Zobue, anali ndi mwana wamkulu dzina lake Ivanildo. Tsiku lina anachapa n'kuyanika zovala panja, ndipo anthu a mfuti podutsa anadziwa kuti pamudzipo patsala anthu. Banja lonse linakhala chete m'nyumba, koma Ivanildo anasuzumira pazenera. Anamuona, anamutenga, ndipo sanaonekenso.

"Ndiye ndinati uyu yekha wanditsalirayu asaonedwe," anatero Deolinda. "Ndinamubisa bwinobwino, adokotala."

Safunsa anadya phula. Miyezi yonseyo ndinalankhula, ndinanyoza, ndinagumula khoma la mwini, koma sindinafunse ngakhale kamodzi kuti zenera akuliopera chiyani. Ndikanafunsa, bwenzi titaboola kabowo m'mwamba pafupi ndi denga, pamene munthu sangasuzumirepo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira pamaso pa odwala onse.

Patapita sabata chiikireni maliro ndinapita kukamuona. Njinga ndinkangoikankha, belu sindinaimbe. Ndili patali ndinaona khoma la kum'mawa litagumulidwa, chibowo chachikulu ngati chitseko, khasu lili poteropo. Dzuwa linkalowa mpaka pamphasa pamene Vania ankagona. Bulangete lija linali loyala pa udzu, m'makona mwake atatsindirapo miyala.

Deolinda anakhala pambali pake, thukuta lili kamukamu, osafuna mthunzi.

"Adokotala," anatero, "paja munati liyanikidwe masiku angati?"

"Awiri kapena atatu."

"Lero ndi lachisanu ndi chimodzi." Analisisita m'mphepete. "Tizilombo tija tafa tsopano?"

"Tafa, amake Vania."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anachotsa miyala ija, nagwira makona awiri n'kundiyang'ana. Ndinagwira awiri enawo, ndipo tinalitembenuza.