Zigamba za pa Chigongono

A Zebedee Mzumara a ku Area 25 anali ndi majekete ambiri kuposa mipando ya m'nyumba mwawo, ndipo wofuna kuyambana nawo ankangoyambira pomwepo. Sanali majekete a suti ayi. Anali aja akalekale, a nsalu yaubweya yokhuthala, ovalira buluku lililonse, amene munthu amawapeza pansi penipeni pa belo la kaunjika anzake atatola kale zonyezimira. Kuyambira ali kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Kanengo mpaka kupuma ntchito, mkuluyu ankalawirira kukadikira kuti mabelo atsegulidwe. Chaka chija mavenda anachotsedwa m'misewu ya m'tauni, anthu ankadandaula za malonda, koma iwo ankangolira kuti sakudziwa komwe wasamukira munthu wawo wa majekete.

Mwa onsewo munali limodzi lomwe ankalitcha Bwanamkubwa. Linali labulawuni, la timizere tobiriwira, la mabatani achikopa, ndipo pa zigongono zake panali zigamba ziwiri zachikopa chofewa ngati khutu la mbuzi. Limeneli sankapita nalo kumaliro, kuopa fumbi la kumanda. Ankalisungira tsiku lodzalowa m'tchalitchi atagwira dzanja mwana wawo wamkazi, Vitu, ndipo tsikulo linali litafika. Ukwati unali Loweruka.

Lachinayi m'mawa anatsegula wodilopu kuti Bwanamkubwa apitidwe mphepo, fungo la mankhwala a njenjete lichoke. Jekete linalipo ndithu, pa hang'ala yake yomweyo. Koma zigamba kunalibe. Pamalo pake panatsala mabala awiri akuda, pomwe dzuwa linali lisanaombepo chisokereni jeketelo, ozunguliridwa ndi timabowo ta singano.

Mtima wa a Zebedee unachita kuwira. Anatuluka nalo panja atangovala vesiti, n'kupeza akazi awo, mayi Eness, akusankha mpunga wa paukwati pakhonde.

"Ndani wachita ufiti uwu?"

Mayiwo sanadzutse n'komwe mutu. Zaka zonse zokhala ndi mwamuna wa majekete zinawaphunzitsa kuyankha mwachidule. "Kafunseni a Abdullah."

A Abdullah anali telala wa pakhonde la golosale ina ku Nsungwi, Myao wa ku Mangochi wandevu zaimvi, ndipo ndi okhawo amene a Zebedee ankawalola kukhudza majekete awo ndi singano. Nchifukwa chake zinawawa kwambiri. Mdani akakulasa umangoti ndi mdani, nanga mnzako wodya naye mbale imodzi? A Zebedee anayenda ulendo wonsewo osayankha moni wa munthu, ndipo atafika anaponya jekete pamakina ulusi n'kuduka.

"A Abdullah, zaka zonsezi ndimakuyesani munthu! Mwalowa ndi lezala m'jekete langa ngati mukusenda mbuzi ya Idi?"

"Pepani achimwene, khalani pansi kaye."

"Sindikhala! Mukudziwa inu kuti jekete ili ndi lalikulu kuposa golosale ino? Wakutumani ndani?"

Anthu ogula sopo ndi mafuta anayamba kuima. A Abdullah anatsegula kabati ya makina, natulutsa kajumbo momwe munali zigamba ziwiri zija, zosongoledwa bwinobwino popanda kung'ambika.

"Analibweretsa ndi Vitu dzana. Anati mwamutuma ndinu. Ine mtima unakana, koma mwana woti ndamusokera kuyambira ali wa mkaka ndikanamutsutsa bwanji?"

Apa ndiye panavuta, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. A Zebedee anatsomphola kajumbo kaja, nanyamula jekete lawo, n'kubwerera mkwiyo utawonjezeka chifukwa chosowa pouthira.

Kunyumba anapeza Vitu atafika, atakhala pa mkeka pafupi ndi amayi ake, foni ili m'manja akuyankha a komiti ya ukwati. Anali mtsikana wantchito yake m'tauni, wosazolowera kukalipiridwa, ndipo maso ake anaonetsa kuti wakhala akuyembekezera mkuntho umenewu.

"Iwe Vitu, wandinamizira kwa telala? Wandiba dzina m'nyumba mwanga momwe?"

"Ndikanakupemphani mukanalola, adada?"

"Ayi!"

"Ndiye chifukwa chake. Akuchimuna akubwera ndi magalimoto awo, abale ena kuchokera ku Blantyre. Aone bambo a mkwatibwi alowa ndi zigamba, atiyesa anthu otani?"

Umbuli umenewu ndi umene a Zebedee analimbana nawo moyo wawo wonse, m'minibasi, kuntchito, ngakhale kumsonkhano wa madoda kutchalitchi. Lero unawapeza m'nyumba mwawo, ukutuluka mkamwa mwa mwana amene anamuphunzitsa okha. Anatambasula mkono wa jekete pamaso pake.

"Yang'ana! Pali chibowo apa? Izi si zigamba za umphawi! Anazisokera kufakitale komweko jekete lili latsopano, ndi ulemu wake wa jeketeli. Sukulu yonse ija sunaphunzire kusiyanitsa?"

Vitu anaika foni pansi. Anayang'ana nsalu yakuda ija, kenako anayang'ana bambo ake.

"Ndaona, adada. Pansi pa zigamba zanu palibe chibowo. Pansi pa zanga panali zibowo."

Mpunga unasiya kulira m'lichero.

"Yunifolomu yanga ya ku pulayimale mukuikumbukira? Imodzi yomweyo, mpaka inafika pothera kumbuyo konse. Amama ankapita nayo kwa a Abdullah omwewo, n'kuikapo nsalu iliyonse yotsala, ina yamaluwa, ina ya chitenje cha chipani. Mwezi ukatha ndinkati lero adada abwera ndi yatsopano. Inu n'kutulukira pageti apo mukumwetulira, jekete lili paphewa, mukutiuza kuti tigwire timve kufewa kwake. Dzina langa la kusukulu mumalidziwa?"

Vitu anadziyankha yekha.

"Chigamba. Aphunzitsi omwe ankandiitana choncho. Vitu ndinali wa m'nyumba muno mokha."

"Fizi ndinkalipira ine!" anakuwa mkuluyo, poti munthu akasowa chonena amakweza mawu. "Unagonapo ndi njala iwe? Wafika pomwe ulipo chifukwa cha ndani?"

"Munalipira, sindikukana. Loweruka valani chilichonse chomwe mukufuna, wodilopu ndi yodzaza. Koma ndi chigamba simundigwira dzanja. Ndikalowa ndi amalume."

A Zebedee anayang'ana kwa akazi awo kuti mwina awathandiza kudzudzula mwano umenewu. Mayi Eness anatola kamwala mumpunga, n'kukaponya kutali, n'kupitiriza ntchito yawo.

Lachisanu lonse a Zebedee sanalankhule ndi munthu. Anakwiyira Vitu, anakwiyira a Abdullah, anakwiyira akazi awo posawauza zaka zonsezo, ngakhale kuti pansi pa mtima ankakumbukira kuti anauzidwapo, iwo n'kuyankha kuti mwezi wamawa. Kawiri konse anatenga kajumbo kaja kuti akasoketsenso zigambazo, aone ngati mlamu wawoyo angalimbe mtima kuwalanda mwana pakhomo la tchalitchi. Kawiri konse anabwerera pageti.

Loweruka anavala Bwanamkubwa yemweyo, wopanda zigamba. Majekete ena analipo, abwinobwino, koma liuma silisankha tsiku. Anaima pakhomo la tchalitchi cha CCAP zigongono atazipanikiza m'nthiti ngati munthu wamva chisanu, kuti mabala aja asaoneke. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamva momwe zimakhalira kuyenda uku ukuganiza zomwe akuona anthu akumbuyo kwako, ndipo zinawanyansa.

Vitu anatsika m'galimoto atawala ndi velo. Anayang'ana jekete lija, n'kulowetsa dzanja lake m'mkono mwa bambo ake. Kwaya inayamba, anthu anaimirira, nthungululu zinamveka. Atangoyenda pang'ono, pa benchi ya kumbuyo mayi wina wamsinkhu wa Vitu, mnzake wa kusukulu ndithu, anafuula mwachisangalalo chenicheni, wopanda n'choipa chomwe mumtima:

"Eee, koma Chigamba wathu wawala lero!"

Ena apafupi anaseka. Magazi a a Zebedee anathamangira kumutu. Anatembenuka kuti amuone wamwanoyo, amuuze mawu oti akawakumbukire mpaka kumanda, kuti mwana uyu ali ndi dzina, dzina lomwe anamupatsa iwo eni ake. Koma anabweza nkhope kutsogolo, pakuti anazindikira kuti maina onse awiri anamupatsa ndi iwo.

Vitu sanacheuke. Anangoyang'ana kutsogolo, akumwetulira monga amachitira akwatibwi. Koma zala zake zinafinya chigongono cha bambo ake, penipeni paja pa timabowo ta singano, ndipo sizinamasuke mpaka anafika kuguwa.