Madzi a Pampopi M'galimoto ya Amake Jean

Foni itayamba kunjenjemera m'thumba la ovolo, Rogers anali atagwada pambali pa galimoto ya eni, akupukuta matayala. Anaisolola ndi dzanja lonyowa n'kuona dzina: Amake Jean. Mtima unangoti myuu!

Mkazi wakeyu, Elinah, anapita ku Scotland kukasamalira okalamba m'makomo mwawo, iye n'kutsala ku Dubai kuno akutsuka magalimoto m'pakingi yapansi pa nyumba zosanja za m'dera la JLT. Poyamba ankaimbirana tsiku ndi tsiku. Koma chilowereni chaka, mayi uja anangoti zii. Ukaimba osayankha, kenako kameseji kouma: "Ndili bwino, ndatanganidwa." Anzake a m'chipinda ku Sonapur, kumalo kogona antchito, anthu opanda chisoni, mlandu anali atauweruza kale. "Aise, wopita ku Ulaya sabwerera wotsuka magalimoto. Wapeza wina ameneyo, iwe ingolimba mtima." Rogers ankaseka nawo, koma chakudya ankangochisiya m'mbale.

Ndiye lero aimbe yekha, pa vidiyo, nthawi ya ntchito? Apa banja latha basi. Anatsitsa masiki n'kudzipukuta kumaso, kuti ngati kuli kusiyidwa, asiyidwe akuoneka bwino.

"Bambo a Jean! Taonani zimene mwandichita!"

Moni panalibe. Nkhope inkangoonekera pang'ono pakati pa chipewa ndi mpango, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Kumeneko kunali kukungocha kumene. Elinah anatembenuza foni kuti mwamuna wake aone kagalimoto kake kakale kaja: galasi lakutsogolo lili mbuu ndi ayisi, mawaipa atamatirira ngati awathira guluu.

"Si inu munati ndisataye ndalama ndi madzi abuluu a m'shopu otsukira galasi? Ati ndingothira a pampopi ndi kasopo ka mbale, ndi mmene mumachitira akatswiri a ku Dubai. Nawutu ukatswiri wanuwo! Kathanki konse ka madziwo kauma gwa! Agogo amene ndimawasamalira akudikira mankhwala a m'mawa, ine ndili chiimire pano."

Kunena ananenadi, ndipo ananena motumbwa. Komatu mwana wa ku Nsanje, wochoka kotentha n'kudzagwera kotentha, akanadziwa bwanji kuti madzi amaundana okha popanda firiji? Chodabwitsa, kukalipa kuja kunkamukomera m'khutu. Anali atakusowa.

"Ndawiritsa madzi m'ketulo," anatero Elinah. "Ndikhuthulirepo?"

Rogers anatsala pang'ono kuvomera, pamene wina, ataona ketuloyo pafoni, anakuwa kumbuyo kwake momuletsa.

"La, la, la! Ayi, habibi, mnzanga, galasi lisweka limenelo!"

Anali Nurlan, mlonda wa pakingiyo, munthu wa ku Kyrgyzstan wokonda kusuzumira m'mafoni a anzake. Tsiku limenelo kusuzumirako kunapindula. Kwawo kumapiri, ankatero iye, chisanu chimaumitsa ndi ndevu zomwe. Anaima patali monga mwa lamulo la korona, n'kumafuula m'Chingerezi chake chothyokathyoka, Rogers akumasulira ngati kuti nzeruzo n'zake.

"Ketuloyo muike pansi, mayi. Lizani injini, hita muilozetse kugalasi. Mawaipawo musawayatse, mung'amba labala."

"Ndayesa kale kawiri."

"Aa! Musayesenso. Sanitaiza muli naye?"

"Masiku ano alipo munthu wopanda sanitaiza?"

"Wopopera uja, mupopere m'mbali mwa labalamo. Sipiliti amasungunula ayisi. Kenako muwanyamule pang'onopang'ono, osati mwamtopola ngati mmene mumatsekulira chitseko mukakwiya."

"Musandiyambe, bambo a Jean."

Nurlan anawonjeza zina: galimoto ikaime malo ofunda mpaka kathanki kasungunuke, madzi a pampopiwo awapopere onse athe, athire a m'shopu olembedwa kuti ndi a nyengo yozizira. Madzulo aliwonse mawaipa aziwasiya ataimika m'mwamba kuti asagone pagalasi. Atatero anati "khalas," kutanthauza kuti zatha, n'kubwerera kugeti akudziguguda pachifuwa.

Elinah analowa m'galimoto, foni n'kuitsamiritsa pafupi ndi chiwongolero. Panalibenso chochita koma kudikira hita. Ali chidikirire anatsokomola, chifuwa chakuya chochokera pansi penipeni, mpaka misozi.

"Chifuwa chimenecho chayamba liti?"

Mayi uja anayang'ana kumbali. "Chikutha tsopano. Inali korona. Ndinagona nayo ndekha m'chipinda, mawu anatheratu. Ndabwerera kuntchito dzana, atandiyeza n'kupeza kuti yatha."

"Osandiuza ine?"

"Ndikuuzeni kuti mutani? Mukanamva mmene ndinkapumira, mukanasiya ntchito n'kumalira pabedi, ndimakudziwani. Mwinanso mukanaimbira Jean ku Balaka, mwana n'kulephera mayeso."

Rogers anatembenuza ndowa n'kukhalapo, thovu likuyenderera pa simenti. Mantha anamugwira mochedwa, a chinthu chimene chadutsa kale, ndipo pambuyo pake panabwera mpumulo waukulu moti anachita manyazi nawo. Mkazi wake anali moyo, ndipo anali akadali wake.

"Ine ndimayesa mwandisiya," anatero motsitsa mawu.

"Mwati chiyani?"

"Anyamata kuchipinda amati mwapeza wina."

"Ha! Ndiye inu ndi ndevu zanuzo n'kukhulupirira?" Anaseka mpaka chifuwa chinamubwereranso. "Ine kufa ndi chifuwa kuno, inu muli kaliki kundikwatitsa kwa azungu!"

Pansi pa galasi panayamba kuoneka kabowo, kakukula, madzi akutsetsereka. Elinah anatuluka, nanyamula waipa imodzi, kenako inzake. Zinamatuka bwinobwino. Anapala ayisi wotsalayo ndi kakhadi ka pulasitiki, n'kubwerera pampando. Atakhudza kandodo koyatsira, mawaipa anasesa galasi lonse, msewu n'kuonekera mpaka kumapeto.

"Zatheka! Ndanyamuka, agogo asandidandaule. Ndiimba ndikaweruka, ndipo muyankhe msanga."

"Amake Jean, dikirani. Kumeneko amakaniko ndi mbwee, aneba aliponso odziwa za chisanu. Bwanji munaimbira ine, wolakwitsa yemwe?"

Elinah anamanga lamba, n'kumuyang'ana monga amayang'anira munthu wofunsa zopusa.

"Nanga ndikanakalipira mwamuna wa ndani? Wanga ndi mmodzi, wa madzi a pampopi yemweyu."