Tinsomba Tofiira ta Victorino

Victorino, wosamalira nsomba za mu hotela, sankapatsa munthu moni asanalawe madzi. Akalowa mu hotela ankayamba wapita pa akwariyo, bokosi lagalasi la nsomba za m'nyanja yamchere, n'kuviika chala, n'kunyambita. Akatero m'pamene ankati, "Mwadzuka bwanji, Dona Felícia?"

Felícia ankakolopa mu hotelamo chiyambire pamene anthu a malasha a ku Moatize anadzaza Tete. Tsiku lina m'mawa anatola kansomba kofiira kakuphiriphitha pansi, n'kukaponya mu ndowa ya Victorino ya madzi amchere.

"Ndi katsopano kaja," anauza Victorino atafika. "Kakale kaja kanakapirikitsa dzulo lonse mpaka kadumpha. Chikhalirecho n'tofanana!"

"Vuto lake n'lomwelo. Mitundu ndi iwiri, koma tonse n'tatimuna, tofiira, totambasula zipsepse ngati nsalu ya kapulana yatsopano. Kakale kakuyesa kuti kabwera kudzalanda miyala yake."

"Ndiye kamodzi kabwerere kwawo kunyanja ku Pemba?"

"Iyayi. Tonse tituluke."

Victorino anatulutsanso kakale kaja, n'kugumula miyala ija, n'kuisanja mwina. Masana anatibwezera tonse tiwiri nthawi imodzi, n'kuphimba pamwamba ndi ukonde. Tinang'animirana zipsepse, tinazungulirana, kenako kalikonse kanapeza phanga lake.

"Mwini nyumba palibe, mlendonso palibe," anatero Victorino.

M'chipinda cha Felícia ku Degue munali mng'ono wake Graça, amene anathawa ku Tsangano mwamuna womumenya. Awiriwo ankalimbirana msomali wopachikapo zovala, malo a mbaula, chilichonse. Dzulo lake Graça anali atauza mkulu wakeyo kuti, "Mana, Loweruka ndikubwerera. Bola zibakera kusiyana n'kupempha pokhala tsiku lililonse."

Ataweruka, Felícia anatsikira kudera la Samora Machel, kumene mnzake wa kuntchito ankasiya kanyumba ka zipinda ziwiri. Denga linali lodontha, koma mvula ya ku Tete sikhalitsa. Felícia anavomera kulowamo.

Kunyumba anapeza Graça akupinda zovala.

"Pinda ndithu, koma ku Tsangano supita. Mawa tikusamuka. M'nyumbamo ine sindinagonemo, iwenso sunagonemo. Tikalowa limodzi."

Graça anamufunsa kuti, "Nanga msomali ukakhala wa ndani?"

"Ukakhome wako, mlesi iwe."

Graça anaseka koyamba chibwerere. Felícia anakoka chikwama kunsi kwa bedi, n'kulongedza zovala zake. Pomaliza anazula msomali uja pakhoma, n'kuuponya pamwamba pa zovalazo, n'kutseka chikwama.