Nyambo ya Pamalo Ochapira Zovala

Chaulere chilichonse chimakhala ndi mbedza mkati. Agogo ankadziwa zimenezi asanamere imvi, ndiye mdzukulu wawo atayika foni pathebulo lositira n'kunena kuti akufuna kupatsa anthu kanthu kaulere, iwo anayimika simbi n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi.

Malo awo ochapira zovala anali chipinda chimodzi: makina awiri, thebulo, ndi chingwe cha malaya chodutsa pamwamba pa chitseko. Agogo anachapa pamanja zaka makumi anayi. Makinawo anabwera ndi mdzukuluyo, pamodzi ndi nzeru zambiri zosaitanidwa.

"Anthu azilemba maimelo awo patsamba lathu la pa intaneti," anatero mtsikanayo, "kuti tiziwatumizira uthenga mwezi ndi mwezi, asatiiwale. Koma munthu sangopereka imelo yake. Umayamba wamupatsa kanthu."

"Imeloyo n'chiyani?"

"Ili ngati khomo la munthu, agogo, koma la mufoni."

"Munthu wanzeru zake akuonetse khomo lake chifukwa cha kanthu? Kanthu kanji?"

Mtsikanayo anayamba kupinda thaulo lopindidwa kale. Agogo anaona. Munthu akamapinda chopindidwa kale, chenjerani ndi mawu amene akubwera.

"Njira yanu ija yochotsera inki pamalaya oyera. Tingoilemba mwachidule."

Inkiyo ndi imene inkawadyetsa. Aphunzitsi, manesi, akalaliki, onse ankadutsa malo ochapira a tsidya la msewu, a bambo wina amene anthu ankamutcha Thovu, n'kubwera kuno ndi matumba a malaya othimbirira ndi cholembera. Agogo ankachotsa inkiyo kuseri kwa katani, atafulatira, ndipo mabotolo awo analibe zolemba, poti mwini wake sankawerenga ndipo sankafunanso wowerenga.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Ndi mmene amachitira onse."

"Onsewo ali ndi Thovu tsidya la msewu? Dzana anandipatsa moni kawiri. Munthu uja sapereka moni wopanda ntchito."

"Chabwino, tiwachapire shati imodzi ulere."

"Adzabweretsa bulangeti n'kumati ndi shati."

"Kasopo ndiye?"

"Akatuluka ziwengo adzati ndife."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mukanakhala nkhuku, inu, simukanatola chimanga chomwazidwa ndi munthu."

"Ndipo ndikanafa ndi ukalamba, osati ndi mpeni."

Ali mkati mokangana, panalowa nesi atanyamula yunifolomu yoyera. Pathumba panali banga la inki, losalala ngati losindikizidwa. Agogo analinunkhiza.

"Mwasita, mayi?"

"Pang'ono pokha. Ndimati mwina liuma."

"Inki sasita! Kutentha kumaikhomera munsalu. Ndipo apa mwatikita, ndikuona, ulusi wadzuka. Musamatikite. Musamathire mankhwala oyeretsera kuchimbudzi chifukwa choti aneba anena. Musamasunge chovala chothimbirira sabata yonse pansi pa zinzake, mukuganiza kuti banga limatopa?"

Nesiyo anatuluka atanyowa ndi chikalipiro. Agogo atacheuka anapeza mdzukulu wawo akulemba pafoni, zala zikuthamanga.

"Mphatso ndi imeneyi, agogo. Zimene munthu asamachite ndi zovala zake. Machenjezo muli nawo odzaza nyumba, ife atikwana kalekale."

Agogo sanavomere msanga. Anamuuza awerenge zonse mokweza, kawiri, iwo atatsinzina, kumvetsera ngati chinsinsi chatsetserekamo. Mzere wina unatchula kaburashi kofewa. Anati ufufutidwe, ndipo anayimirira pamenepo mpaka anaona ndi maso awo mawuwo akuchoka.

Patatha sabata, mtsikanayo anabwera akuvinavina, kuti anthu alembetsa ambiri. Agogo sanavine. Anakhala pampando n'kulamula kuti awawerengere mayina, limodzilimodzi. Uyu ankamudziwa, wa makatani obiriwira. Uyu ndi mphunzitsi wotaya mabatani. Dzina lina litamveka, anakweza dzanja.

"Bwereza."

Anabwereza, n'kuwerenganso lotsatira.

"Ameneyo ndi mkazi wa Thovu. Wotsatirayo ndi mlamu wake."

Mtsikanayo anayika chala pamayinawo. "Ndiwachotse?"

"Asiye. Anabwera kudzatenga inki, atenga chikalipiro. Uziwatumizira mwezi uliwonse, mwina angasiye kuwononga zovala za anthu."

M'mawa mwake Thovu anatsegula chitseko chake, anayang'ana kuno, sanapereke moni. Mtima wa agogo unakhala pansi. Komabe mabotolo aja anawasamutsira pashelefu ina, ndipo mdzukuluyo sanamuuze kuti ndi iti.