Bokosi la a Ercilia pa Sitima ya Pakamwa Pawiri

Munthu wakufa amatuluka miyendo kutsogolo, ndipo izi si zoseweretsa. Akatsogoza mutu, maso ake amatsalira kunyumba, njira saiiwala, ndiye mumve zitseko zikugogoda popanda mphepo. Pachilumba pathu ngakhale mwana amadziwa zimenezi.

A Belarmino Cárcamo ankazidziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake m'mawa umene ankakaika akazi awo, a Ercilia, sanalire kwambiri. Ana anagwirizana zoti mayi awo akagone kutsidya, kumanda a kwawo kumtunda, ndipo mkuluyo sanatsutse. Anali ndi chawo mumtima. Chombo chakale chowolotsa magalimoto chinali ndi khomo limodzi, galimoto iliyonse inkalowa chafutambuyo. Motero maliro onse opita kumtunda ankawoloka nyanja mutu uli kutsogolo, ndipo anthu ankanong'ona kuti akufa otere amabwerera. Ena ankaopa, nkhalambayi inkayembekezera zomwezo. Nyumba yamatabwa ija, nkhosa, munda wa mbatata, mbaula yofuna nkhuni tsiku lililonse, zonsezi okha? Bola kugogoda kwa mzimu kusiyana ndi zii.

Koma anali asanatsikire kudoko chiyambireni matenda a akazi awo. Atafika, atakhala kumbuyo kwa lole yaing'ono pambali pa bokosi, anapeza chombo chija kulibe. Panali chisitima chatsopano choyera mbee, cha pakamwa pawiri, chosadziwika kumutu ndi kumchira. Magalimoto ankalowera uku n'kukatulukira uko, osatembenuka.

Anatsika mvula ikuwaza, n'kulunjika kwa Rigoberto, wolozera magalimoto, amene anabadwira khomo loyandikana ndi lawo.

"Iwe Rigo, lole yathu ilowe chafutambuyo."

"Pepani ndi maliro, agogo. Koma zafutambuyo zinapita ndi chiphakasa cha chombo chija. Iyi mumangolowa ngati m'tchalitchi."

"M'tchalitchi unalowamo liti iwe? Ndati chafutambuyo."

"Akapitawo ali pamwambapo akundiona. Mukufuna andichotse ntchito ndizikadya kwanu?"

"Sunayambe lero kudya kwathu. Zitumbuwa zambatata za mayi ali m'bokosiwa unkazibisa m'malaya, mamina ali chuchuchu."

Rigoberto anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti ndi pamaliro. Kumbuyo kwawo, woyendetsa lole ya nsomba anayamba kuliza hutala.

"Madala, madzi akuphwa! Nsombazi zikawola mugula ndinu?"

"Khala chete, Chindo, ukununkha kale kuposa nsomba zakozo!" anakuwa mayi wina wa m'gulu la operekeza.

Rigoberto anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana nkhalambayo. Anali mwana wa pachilumba, sanafunse chifukwa. Anayankhula pa wailesi yake ya m'manja, nayankhidwa mokalipa, iye n'kuyankhulanso motsitsa mawu. Zinthu zotere wachinyamata ayenera kuzikana, chifukwa wakufa woitanidwa sabwera nthawi zonse monga momwe munkamudziwira. Koma iye anabwerera akupukuta madzi kumaso.

"Alola. Mulowe omaliza, mutembenuzire apo. Koma msanga."

Apa ndi pomwe Nolfa, mwana wawo wamkazi amene ankadwazika mayi ake, anatsika kutsogolo kwa lole. Anawagwira mkono bambo ake n'kupita nawo pambali, pafupi ndi zingwe zomangira sitima.

"Ababa, musatero."

"Ukuopa amako? Sanapwetekepo ngakhale nkhuku."

"Sindikuopa. Anandiuza okha, Lachisanu lija ndikuwasambitsa. Anati, 'Bambo akowo ndikuwadziwa, adzafuna kunditembenuza. Udzawauze kuti ndatopa. Nkhuni ndatola, mbatata ndakumba, ana ndaika awiri. Ndikufuna kukagona pafupi ndi amayi anga, osadzukanso.'"

A Belarmino anayang'ana madzi akuda akumenya khoma la doko.

"Za ine sananene kanthu?"

"Anati muzivala masokosi ouma. Ndiponso mubwere mudzakhale nafe kutauni."

"Nanga nkhosa?"

Nolfa anayang'ana kusitima. Magalimoto onse anali atalowa, pakamwa pa sitima pali yasa, woyendetsa lole ya maliro atatulutsa mutu pazenera kudikira mawu. Rigoberto anakweza dzanja, wokonzeka kumuzungulitsa.

Nkhalambayo inayenda pang'onopang'ono mpaka pa bokosi, n'kukonza pulasitiki yophimba bokosilo imene mphepo inaivundukula chakumiyendo. Inaima pamenepo kanthawi, chikhatho chili pa thabwa lonyowa.

"Mayi ake Nolfa, ukanangondiuza wekha," inatero chapansipansi. Kenako inatembenukira kwa woyendetsa. "Lowa molunjika, mwanawe. Pang'onopang'ono, asagwedezeke."

Lole inakwera chitsulo chotsetsereka chija miyendo ili kutsogolo, khomo n'kunyamuka kumbuyo kwake. Sitima inangochoka osapotoloka.

Anawoloka, anaika, anamwa tiyi wowawa kwa alamu awo. Nolfa anawakakamiza kuti agone, iwo anakana, ati nkhosa sizinatsekeredwe. Anakwera sitima ya madzulo okha, wapansi, n'kukhala pa benchi la m'chipinda cha apaulendo pakati pa anthu oyang'ana mafoni.

Atafika kunyumba anapeza mbaula itazima. Anatsekera nkhosa, anasonkha moto, n'kutenga kapu imodzi pa shelefu. Mphepo ya kunyanja inagwedeza chitseko kawiri. Iwo sanadzuke kukatsegula.