Mpando wa Wendell

Pakoleji ya m'tauni mwawo, ku Ohio, lamulo ankalidziwa aliyense. Tsiku loyamba mphunzitsi amaitana dzina katatu, ndipo wosayankha malo ake amapita kwa woyamba pa mndandanda wa odikira.

Woyambayo anali Marisol Quintana, wogulitsa madonasi, amene ankafunitsitsa maphunziro a zaka ziwiri ojambula mafupa kuchipatala. Anazengereza kulembetsa poopa masamu, mpaka anapeza malo onse atatha. Akapanda kulowa lero, ndiye kudikira chaka chathunthu.

Anaima kukhoma m'mawa umenewo, maso ali pa mpando umodzi wopanda munthu, pafupi ndi zenera.

“Pempherani mwamphamvu, asisi,” ananong'ona Lorraine, wachiwiri pa mndandandawo. “Mwini wakeyo agone mpaka masana.”

Mphunzitsi, Mayi Halvorsen, ankawerenga maina osadzutsa mutu.

“Wendell Achterberg.”

Dzinalo Marisol ankalidziwa. Wendell anali bwenzi lake, makaniko, amene anamira mumtsinje mwezi wathawo. Zoti analembetsa kuno sanamuuzepo. Munthu wake ankakomoka akangoona jakisoni. Kenako anakumbukira mmene ankamusekera mu Epulo: “Iwe zengereza, Mari. Ine ndikakusungira mpando.”

“Wendell Achterberg,” kachiwiri.

Mpando uja unalira, n'kusuntha pang'ono wokha. M'chipindamo munamveka fungo la girisi wa galimoto.

“Akukonza injini muno ndani?” anafunsa Lorraine, akukwinya mphuno.

Marisol anamva bwinobwino mpweya ukukokedwa pazenera paja, monga amachitira munthu akafuna kuyankha. Wendell sankatha kukhala chete akaitanidwa. Ndipo mtima wa Marisol unalakalaka liwu limenelo, ngakhale kamodzi kokha, ka “ndilipo” kake kosasa kaja. Koma akayankha, malo akhala a Wendell.

Marisol anatseka maso.

“Usayankhe, wanga,” ananong'ona. “Ndafika.”

“Wendell Achterberg.”

Kunali zii. Wotchi yapakhoma inagunda masekondi anayi. Mayi Halvorsen anadula mzere pa dzinalo.

“Quintana? Khalani msanga, mayi, ndisanasinthe maganizo.”

Lorraine anamukankha pamsana. Marisol anadutsa pakati pa madesiki, fungo lija likuzilala pang'onopang'ono, n'kukhala pansi.

Mpandowo unali wofunda, ngati munthu wangodzukapo kumene.