Khadi Lobiriwira la Lachitatu

Ana asukulu ankawatchula kuti a Ndandanda, ndipo dzinalo linawakhala. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu iwo ndiwo ankakonza ndandanda ya maphunziro pa bolodi lalikulu la m'chipinda cha aphunzitsi, mphunzitsi aliyense ndi makadi a mtundu wake. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu nayenso ndi wokonza ndandanda, kungoti yake siwombana: dzuwa ndi ola lake, mvula ndi nyengo yake, munthu ndi tsiku lake. Pa maliro a anzawo ankalankhula zimenezi molimba mtima, ngati kuti ndandanda ya kumwambayo anaiwerengapo ndi maso awo.

Koma yawo inkawombana chaka ndi chaka, ndipo wosokoneza sanali wakutali. Anali mkazi wawo yemwe, mphunzitsi wa sayansi, mwini makadi obiriwira. Mayiyo ankafuna mapiriyodi awiri otsatizana mu labu, ankakana Lachisanu masana ati ana amakhala atagona kale, ndipo a Ndandanda akangotembenuka, ankasuntha khadi mwakachetechete.

"Inu bambo, dziko lenilenili silinawongoke, ndiye liwongoke bolodi lanuli?" ankatero mayiyo uku akuseka.

Mayiyo anamwalira pa holide, atadwala masiku anayi okha. Olira anawabwezera a Ndandanda mawu awo omwe. "Zonse zili m'dongosolo lake, aphunzitsi, paja munkatiuza nokha." Iwo ankangogwedeza mutu.

Kutatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe, ahedi anawapeza atakhala moyang'anizana ndi bolodi lija.

"Pepani achimwene, sukulu siidikira," anatero ahedi. "Makalasi a malemu tagawira aphunzitsi atsopano awiri aja. Amenewo alibe zosankha, paliponse alowa."

A Ndandanda anayamba kuzula makadi obiriwira limodzilimodzi, nkumaika m'thumba la malaya. Anakwana khumi ndi asanu ndi atatu. Kenaka anayamba kudzaza mipata ija, manja akugwira okha ntchito mutu uli kwina. Ntchito imene inkawadyera sabata yathunthu, ndi mikangano ya patebulo kunyumba, inatha tiyi wawo asanazizire. Anaiyang'ana kuchokera Lolemba mpaka Lachisanu, nkubwerezanso kachitatu, akufunafuna cholakwika ngati munthu wotaya kiyi. Panalibe powombana ngakhale pamodzi.

"Eee, koma chaka chino mwaitha!" anatero ahedi atabwerera. "Yoyera bwino ngati ya kumwamba ija mumatiuza." Atazindikira zimene anena, anatsokomola nkuyamba kupukuta magalasi.

A Ndandanda anamva kutopa kumene sanakumvepo ngakhale tsiku loika maliro. Chinthu chimene anachilakalaka moyo wawo wonse chinali apo pakhoma, chowongoka, ndipo chinawanyansa. Ngati dongosolo ndi limeneli, ndiye kuti mkazi wawo anali cholakwika chimene wina wachikonza. Zimenezo mtima wawo unakana.

Anadzuka pang'onopang'ono, napisa m'thumba, natulutsa khadi limodzi lobiriwira lopindika pakona. Analibaya Lachitatu m'mawa, mu labu, pamwamba pa khadi la mphunzitsi watsopano.

"Pamenepo pawombana, achimwene," anatero ahedi motsitsa mawu.

"Ndaona," anayankha a Ndandanda, akutola chikwama chawo. "Pasiyeni choncho."